Chilembo Chimodzi

Komuraiah wabwera nazo m'chitini cha tiyi,
mbozi khumi ndi zinayi, zofiirira ngati chilonda chongopola kumene.
Wazitola mbandakucha m'thonje lake, kuseri kwa Warangal.
Chaka chino wapopera kasanu ndi kawiri.
Akuti wasitolo anasungunula mankhwala ndi madzi.
Akuti kapena ndi mphepo.
Kenaka akuyang'ana dzanja lake, osanenanso kanthu.

Ine ndimadula mitu yokha,
poti mimba zadzaza thonje ndipo zimandisokoneza.
Ndikusinja umodziumodzi m'kachubu,
ndikutsuka, ndikusefa,
mpaka patsale kadontho koyera mbee,
koti munthu angalumbire kuti mulibe kanthu.
Koma m'menemo ndi momwe muli kalata
imene gulugufe wausiku anasiyira ana ake
asanafe pa babu la pakhonde.

Makina akutentha, akuzizira, akutenthanso,
kukopera mzere umodzi kambirimbiri
ngati mwana wopatsidwa chibalo kusukulu.
Magetsi anathima pakati. Ndinayambiranso,
mpunga wanga n'kuzizirira m'chikwama.

Lachinayi madzulo mizere yatuluka pagalasi.
Mwa khumi ndi zinayi, khumi ndi imodzi
zili ndi chilembo chimodzi chachilendo.
Chimodzi basi, pakati pa zikwizikwi!
Pamene poizoni ankalowera asinthapo loko.
Kiyi wathu akungozungulira m'bowo,
gwejegweje,
eni nyumba ali phee m'kati, akudya.

Wabweranso Loweruka, wavala malaya a ku ukwati.
Ndamuuza kuti wasitolo sanabe,
dzanja lakenso silinalakwe.
“Nanga analemba ndani chilembocho, Sravanthi?”
Ndati chinalipo kale, mwa imodzi pa chikwi,
yonyozeka, yosowa ndi mnzake womwe.
Ife tinapha zinzake zonse, chaka ndi chaka,
n'kuisiyira munda wonse ngati cholowa.

Wakhala chete. Panja njinga zamoto zikulira.
Ndikudziwa akuwerengera mabotolo asanu ndi awiri,
ndi ndolo za mkazi wake zimene zili pachikole.
Madzi akatayika saoleka.

Ndamulembera papepala: asinthe mtundu wa mankhwala,
asiye mizere ina osapopera
kuti zofooka zipulumuke, zikwatirane ndi zolimba,
magazi asukuluke.
Waseka pang'ono, kuseka kopanda mano:
“Ndiye ndiziweta mbozi tsopano?”

Wapinda pepala kanayi.
Pakhomo watembenuka, wapempha chitini chake.