Mboni ya Phazi Langa

Pa chitunda cha ku Katoto, mu Juni, mvula ikuwaza,
Sienta yanga inayamba chibwibwi.
Ndikaponda moto, iyo iyambe yaganiza kaye;
ndikachotsa phazi, ndiye kudumpha
ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu.
Mayi wa nthochi kumbuyo anati, "Adada, tikhizgeni,"
natsika osalipira.

Ndinanamizira petulo wa m'zigubu.
Ndinasintha mapulagi onse anayi, ndinasintha sefa.
Chigomezgo, amene timalimbirana anthu pa depoti,
ndinasiya kumupatsa moni.
Kanyali kachikasu kali ngwee kutsogoloku
ndinakamata tepi wakuda kuti kasandiyang'ane.

Ku Luwinga, kuseri kwa milu ya matabwa,
kuli NyaKalua, wa ovolosi yong'ambika pabondo.
Anamvetsera injini ikukwera, ikutsika yokha
popanda woiponda,
nati, "Galimoto yanu si yolodzedwa. Ikunamizidwa."

Anachotsa paipi yakuda, nandionetsa kukhosi kwa injini:
kachitseko kozungulira, ngati chivundikiro cha chitini.
"Phazi lanu likaponda, aka kamatseguka, mpweya nulowa.
Koma bongo wa galimoto uli mumdima, suona phazi.
Umadalira mboni iyi."
Kanthu kakuda, kochepa ngati bokosi la machesi,
kokhala kumapeto kwa mtanda wa kachitseko,
mawaya atatu, zomangira ziwiri.

"Waya uyu amabweretsa magetsi, uyu amawabweza,
wachitatu ndiye pakamwa pake.
M'katimo muli kachala koyenda pa kanjira ka makala.
Chitseko chikatsekeka, kamanong'ona;
chikatseguka chonse, kamafuula.
Bongo ukamva, umayeza petulo wolingana ndi mpweya,
nusankha nthawi yosintha giya."

Sanathamangire kukachotsa.
Anapukuta mwaye kukhosi kuja, anauzira polumikizira,
anatsata waya aliyense ngati wofuna nsabwe mumsoko.
"Ambiri amataya sensa yabwino
pamene wolakwa ndi dzimbiri, kapena khoswe."

Kenako mita. Kiyi wotsegula, injini chete.
"Pondani pang'onopang'ono, ngati pansi pali dzira."
Manambala anayamba pa theka,
kukwera bwinobwino, wani, wani ndi theka,
kenako zii. Palibe.
Kenako anatulukira pa atatu, ngati woledzera
amene sakumbuka m'mene wafikira kunyumba.

"Mwaona dzenjelo? Akanakwera osadumpha
mpaka anayi ndi theka, tikanakasiya.
Apa kanjira kadyeka. Sikasokedwa, sikawotcheredwa.
Mukazengereza, tsiku lina idzakuzimirani
mukudutsa thiraki ya matabwa ku Lusangazi."

Ndinafunsa chifukwa chake padyeka pamenepo pokha.
Anaseka, napukuta manja pa ntchafu.
"Ndi pamene phazi lanu limakhala.
Zaka zingati mukuyenda liwiro lomwelo?"

Zisanu ndi chimodzi.
Depoti, Chiputula, Zolozolo, depoti.
Phazi lomwelo, pamalo pomwepo,
kuopa mabampu, kuopa apolisi, kuopa mtengo wa lita.

Katsopano kanadya ndalama ya masiku anayi.
Anakamanga, anayezanso theka lija,
anazimitsa kanyali ndi kamakina kake,
nandiuza ndisende tepi wanga ndekha.

Kakale ndinakapempha.
Usiku ndinakaswa ndi mpeni pakhonde ku Mchengautuwa:
kanjira kakuda kopindika ngati chikhadabo,
ndipo pakati, malo otuwa osaposa njere ya mpunga.
Mwana wanga Wezzie anafunsa chimene ndikuyang'ana.
Ndinati, "Apa ndi pamene ndakhala ndili."

M'mawa nkhungu inali itaphimba msika.
Ndinaima pafupi ndi Chigomezgo, ndinatsitsa galasi.
"Mwawuka uli?"
Anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe.
Pa chitunda cha Katoto ndinaponda mopitirira pang'ono,
galimoto inamva nthawi yomweyo.