Tikiti ya pa Ulongwe

Tinasonkherana, Jerivaziyo,
ine metikashi makumi atatu, iwe awiri,
zotsala za kachewere wa Loweruka lija.
Manambala ndinasankha ndine:
zaka za mwana wanga, tsiku limene bambo anatisiya.
Tikiti inakagona m'thumba mwako.

Lero uli pa njinga yamoto.
Ukandiona umangondisiyira fumbi.

Loya wa ku Tete akuti pangano la pakamwa
limaima likakhala ndi mboni.
Mboni yanga ndi Felizimina wogulitsa mayunitsi,
koma akuti sakukumbuka bwino.
Bwalo la m'dera lingatiyanjanitse, watero loya;
khoti lalikulu lidzadya zaka
ndi theka la zomwe tikulimbiranazo.

Fomu ndayamba kulemba.
Pamzere wa "wodandaulidwa"
cholembera chaima chokha.
Dzinali ndi lomwe ndinapatsa mwana wanga.