Tayala Lachisanu

Kanayamba Lachiwiri m'mamawa ku Ulongwe,
nkhungu ikadali pa madenga:
kanyale kachikasu pafupi ndi muvi wa mafuta,
kooneka ngati chikho chopanda chivindikiro,
m'kati muli kandodo ndi kadontho.
Sikalira, sikaphethira. Kangondiyang'ana.

Ndinatsika, ndinamenya theche matayala onse anayi
monga ankachitira malemu amuna anga.
Onse anayankha mofanana: ndili bwino.
Chinadandaula ndi chala changa chakuphazi.

Buku la galimotoyi lilipo m'kabokosi kakutsogolo,
koma linatsika sitima ku Beira
likuyankhula Chijapani.
Ndinangoona zithunzi.

Nditatsetserekera ku Moatize, pakati pa malole a malasha,
dzuwa likuswa mtengo, kanazima kokha.
Ndinati kanali kachimfine chabe.
M'mawa mwake kumapiri, ako kayakanso.

Kalisto wa pa mphambano, womata matayala
pansi pa chikwangwani cholemba ndi penti yotsala,
anati: Mayi, mpweya uli ngati munthu,
kukazizira umakhwinyata, kukatentha umadzitukumula.
Anapaka malovu pa valavu iliyonse,
n'kugwada, kudikira thovu. Ziii.
Anatenga geji yake yagalasi losweka:
lakutsogolo kumanja laperewera pang'ono.
Analimasula, nalimiza m'bafa la madzi a sopo,
naligubuduza mosamala ngati akusambitsa mwana wodwala,
mpaka timathovu tinandandalika
pomwe panabisala kamsomali ka malata,
mutu wake utaperepeseka ndi msewu wa ku Domwe.
Metikali zana limodzi ndi theka.
Anadina batani lobisika pansi pa chiwongolero,
tonse tikuwerenga: modzi, wiri, tatu.
Kanazima. Ndinamugulira mandasi.

Loweruka kayakanso.

Mlamu wanga Zeferino anati: Matanipo tepi yakuda,
chimene maso sakuona mtima sukhala nacho.
Wina kutchalitchi anati sensa yatha batire.
Wina anati eni ake akale akuifuna.
Tepiyo ndinagula, ili m'chikwama mpaka lero.
Ndikudziwa ntchito ya tepi:
amuna anga anamata chifuwa chawo ndi nthabwala
miyezi isanu ndi itatu.

Ndinabwerera pa mphambano.
Kalisto anayeza onse, anakanda mutu ndi sipanala,
kenako anati: Mayi, matayala muli nawo angati?
Ndinati anayi.
Anati: Werenganinso.

Tinatsitsa matumba asanu ndi limodzi a kachewere
amene ndinapikula ku Tsangano,
tinachotsa lona, tinatukula thabwa.
Ilo linali gone chafufumimba mumdima,
pamodzi ndi jeke, nsanza ya mafuta,
ndi kapusi ya amuna anga
imene ndinaifuna nyumba yonse tsiku la maliro.
Ndinalisindikiza ndi chala: fwaa, ngati papaya lakupsa.
Lopanda msomali, lopanda bala.
Silinaponde mwala, silinalawe phula.
Zaka zitatu palibe analifunsa,
ndiye limangopuma pang'onopang'ono, kutha,
koma nalonso anaika kamlomo koitanira,
ndipo limaitana, lili pansi pa katundu yense.

Kalisto anapopa, sanalandire ndalama.
Kapusi ndinaikung'untha, ndinaiika pa mpando wakumanzere... 
ayi, ndinaivala. Inandikhwepa.

Lero ndatsikanso ku Tete.
Maso akungobwerera pamalo pakuda paja
monga lilime lifunafuna dzino lozuka.
Ndisanakwere mlatho wa Zambezi foni yalira,
mng'ono wanga Felizarda: Achemwali, muli bwanji?
Pakamwa panatseguka pokha
kuti ndiyankhe monga tayala lomenyedwa theche.

Ndayatsa indiketa, ndapatukira kumbali,
pafupi ndi mayi wogulitsa masau,
malole akundidutsa, fumbi lakuda likugwera pa galasi.
Ndazimitsa injini.
Ndati: Feli, mayunitsi uli nawo okwanira?