Mizere Isanu Basi

A Dini anati mizere isanu aliyense:
dzina, madigiri, kumene anawatenga,
zimene amaphunzitsa, zimene akufufuza.
Kabuku kapite kosindikiza Lachisanu.
Ndiye ndili pano ku Luwinga m'mawa wa Juni,
chifunga chatsamira pazenera,
zala zauma ngati timitengo ta machesi,
ndikutayipa anthu amene ndimawaphikira tiyi.

Dokotala Mwalwanda. Mbiri yakale.
Digiri yoyamba ku Zomba, yachiwiri ku Dar es Salaam,
yachitatu kudziko lija amati dzuwa limalowa
anthu asanaweruke kuntchito.
Amafufuza za amuna amene anapita ku Joni wapansi,
makalata awo, masutikesi awo a malata.
Mzere wachisanu watha.
Palibe poti ndilembe kuti bambo awo anakwera ya Wenela
iwo akukwawa,
ndipo m'mabokosi onse afumbi amene amavundukula
akusakamo kalata imodzi yokha.

Mayi Sangwani Mughogho. Za zilankhulo.
Fomu yawo yabwera itadontheredwa khofi.
Tchuthi chilichonse amakwera matola a ku Chitipa
ndi kojambulira mawu m'thumba la jekete,
kukatola Chilambya ndi Chisukwa pakamwa pa eni ake,
kumva pamene liwu likwera, pamene litsika.
Dzulo mwana wawo anaimba foni kuchokera ku Katoto.
Iwo anafunsa m'chinenero cha kwawo,
iye anayankha m'Chingerezi.
Anaseka, kenaka anayang'ana khoma nthawi yaitali.
Izinso sizikwana m'mizere.

Bambo Yotamu Silungwe anasiya seminale
kutatsala chaka chimodzi kuti adzozedwe.
Pafomu angoti: filosofi ndi zaumulungu.
Pa zimene akufufuza alemba kuti, Munthu n'chiyani?
Ndinawafunsa, kodi ili ndi phunziro kapena funso?
Anati, mayi, mukalidziwa yankho mundiuze, ndipume pantchito.
Pa 20 mwezi uliwonse amandibwereka ya kabaza,
pa 28 amabweza yonse, mu envelopu,
ndi siginecha.

Nanga Wezi Chiumia, wamng'ono pa onse,
wabwera chaka chatha ndi Chifalansa chake ndi zisudzo.
Alonda a pageti amamufunsabe khadi la ophunzira.
Kalasi yake ndi anthu zana ndi makumi anayi,
buku ndi limodzi, lomatidwa ndi selotepi.
Ndiye amaliwerenga mokweza, ataimirira pampando,
mvula ikulimbana naye pamalata,
mpaka mawu asasa.
Walemba mizere khumi ndi iwiri.
Ndadula isanu ndi iwiri, mtima ukundipweteka
ngati ndikusadza mtengo wa mwini.

Kunja anyamata a zomangamanga akudutsa ndi zipewa zawo zolimba.
Mmodzi anafunsapo pakhomo pano,
kodi kuno mumapanga chiyani chogwirika?
A Silungwe anamupatsa mpando.
Anatuluka dzuwa litapendeka, chipewa chili m'manja.

Tsamba lomaliza latsala ndi malo.
Ndikanafuna ndikanalembapo:
Tafwachi Nyirongo, wa ku Chiputula.
Fomu folo, ndi setifiketi ya taipi
ya nthawi ya makina olira ngati matalala.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pampando uno.
Amaphunzitsa ana obwera kumene
khomo loyenera kugogoda, ndi nthawi yake.
Amafufuza kumene kompyuta inabisa kadenga ka ŵ,
kuti dzina la munthu lisatuluke lopanda chisoti.

Koma anati aphunzitsi okha.
Magetsi aphethira kawiri.
Ndisunge msanga zimene ndalembazi,
ketulo yawira,
ndipo a Mwalwanda samwa wa shuga.