Sokosi Yopanda Inzake

Ntchito yanga ku Parkhurst ndi kupinda zovala za eni.
Lachiwiri lililonse ndimakhala pansi pafupi ndi mashini ochapira
n'kumaphatikiza sokosi, yakuda ndi yakuda,
yamizere ndi yamizere.
Yotsala yokha ndimaiponya m'kabasiketi, idikire inzake.

N'chifukwa chake pepala la Dokotala Moodley silinandiopse.
Analiyala patebulo ku Parktown, matalala akugogoda pazenera:
timizere tofola tiwiritiwiri, ngati pachingwe choyanikira.
Makolomozomu, anatero. Awa ndi anu, mayi, onse ali m'malo.
Kenako anatulutsa la Wyson.
Ndinaona ndekha cholembera chisanaloze:
wa nambala 13 wakakamira wa nambala 14
ngati sokosi ziwiri zotuluka m'mashini zitamatana.

Palibe chasowa, bamboyu ndi wathunthu,
koma pogawira mwana dzanja lake limaphonya,
pena kupyola muyeso, pena kupereweza.

Zaka zisanu ndi ziwiri!
Mimba zitatu zinapita padera,
ina m'chimbudzi cholipira cha ku Park Station.
Alamu anga ku Ntcheu ankatumiza mawu pafoni:
mkaziyo ndi dengu lobowoka, bwera tikupezere wina.
Mizu ya ku Faraday ndinamwa mpaka lilime kuda.

M'takisi ya ku Rosettenville Wyson anakhala kutsogolo,
ndalama za anthu zikudutsa paphewa pake.
Chenji anaphonya kawiri, dalaivala n'kumukalipira.
Ndinkayesa ndikondwa, mlandu wandichoka.
Chimwemwe chinakana kubwera.

Tinagulitsa puloti ya ku Bangwe ndi njerwa zake zomwe.
Jakisoni pamchombo m'mawa uliwonse,
magetsi akazima, Wyson ankaunika ndi foni.
Mazira khumi ndi limodzi.
Asanu ndi awiri anagwira.
Anayi anafika tsiku lachisanu,
anawatsina pang'ono kuti awawerenge m'kati.
Foni inalira ndikusita malaya a abwana.
Atatu ayi, anatero nesi. Mmodzi ali bwino.
Kolala inapsa, ndinanama kuti ndi simbi.

Mmodzi.
Akugona m'chisanu choposa cha Julaye wa kuno,
m'kabotolo kolembedwa dzina langa molakwika.
Akuti Lachinayi amuika,
akuti mwayi ulipo koma lonjezo palibe.

Usiku wathawu ndinamva Wyson pakhonde,
mawu ali pansipansi, akuuza mlongo wake:
Nelia mumusiye. Mfundo ili m'magazi mwanga,
mwina ndi mwakonso, ukayezetse.
Anabwera kudzagona mapazi ali zii,
sindinasunthe, ndinawasiya afunde pa anga.

Lero kuseri kwa mashini ndapeza kasokosi kofiira
ka mwana wa abwana, amene pano ali ku sekondale.
Ndakakutumula fumbi.
M'kabasiketi sindinakaponye ayi,
kali m'thumba la yunifolomu,
ndipo dzanja langa likungopitako.