Makutu a Nkhumba

Lachiwiri lililonse ndimatsika minibasi ku Mchesi
kukagula makutu a nkhumba.
A Chikadza amanola mpeni uku akuseka:
“Mayi, makutu okhaokha, ndiwo zake zili pati?”
Ine ndimangoti kulungani,
osawaula, osathira madzi otentha.
Sindikadya ayi. Ndikukawafunsa mafunso.

Mu labu ndimameta ubweya,
ndisenda khungu mopyapyala,
ndilikunga pakamwa pa kabotolo ngati ng'oma yaing'ono.
Pamwamba ndipaka mafuta ochititsa dzanzi,
pansi madzi amchere, ofunda ngati thupi la munthu.
Basi, ndiyang'ana wotchi.

Khungu ndi mpanda wa ku Eriya Teni,
njerwa pa njerwa, magalasi osweka pamwamba.
Mankhwala amaima pageti,
odi, odi kuno,
mlonda ali mtulo.
Ola lathunthu kuti mlendo alowe
akauze mitsempha kuti ikhale chete.

Ola!
Ndani ali ndi ola ku wodi ya ana,
kumene mzere umayambira pa masitepe
ndipo namwino mmodzi ali ndi manja awiri okha?

Mtisunge ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.
Mwezi ndi mwezi amabwera kudzatengedwa magazi.
Fungo la sipiriti amalidziwira pakhomo,
amabisa mikono m'kati mwa diresi
n'kusanduka mwana wopanda manja.
Mayi ake amati sizipweteka,
iye amawayang'ana
monga umayang'anira wamkulu akanama pagulu.
Tsiku lina anandikoka gawuni:
“Anti, mankhwala anu aja afika?”
ngati akubwera pa basi ya ku Mchinji,
ngati angochedwa pa rodibuloko.

Ndinati ali m'njira.

Ndiye ndimasakaniza, ndimapera,
madontho achepe kuposa fumbi la Okutobala
lija limalowa m'nyumba mawindo ali otseka.
Ngati fumbi la mzinda uno limapeza mpata,
mankhwala angalephere bwanji?
Ndayesa kufunditsa, ndayesa kuphimba ndi pulasitala.
Magetsi anazima pakati pa ntchito,
madzi anazizira, manambala anasokonekera,
ndinabwerera kwa a Chikadza Lachisanu.
Anandipatsa khutu limodzi la basela,
ati nkhumba yake inali yomvera.

M'kope langa mphindi zikutsika monyinyirika:
makumi asanu ndi limodzi,
makumi asanu,
kenako zikwereranso popanda chifukwa
ngati mtengo wa shuga.
Dzulo zinafika makumi anayi.
Sindinauze munthu. Khutu limodzi si umboni.

Madzulo ano onse ataweruka
ndapaka pang'ono pa dzanja langa,
pamene mtsempha umaonekera.
Kunja akabaza akuimba mabelu,
wina akuwotcha zinyalala kuseri kwa mpanda.
Ndadikira, singano ili pa thonje.

Ndabaya.
Ndamva kukankha chabe,
ngati munthu akugogoda khomo la nyumba yoyandikana.
Kadontho kofiira katuluka,
ululu sunabwere nako.

Ndakhala pampando nthawi yaitali
ndikusisita kachigamba ka khungu kogonako,
kakang'ono ngati ndalama yachitsulo.
Mawa ndiyesanso, mkuja ndiyesanso,
pali makalata, pali makomiti, pali miyezi.
Mtisunge abwera pa fifitini.
Akadzandifunsa ndidzati adutsa pa Namitete.