Nambala Imodzi pa Geti

Makoma a nyumba yathu ku Area 25
anamanga ndi bambo, njerwa ziwiriziwiri,
kuti mkangano wa muno usamveke kwa aneba.
Lero ndi netiweki imene ikukanika kudutsa.

Zaithwa, mwana wa malemu achimwene,
amagona ku boyizikota, kuseri kwa mtengo wa mapeyala.
Mayeso ake a unamwino ali pa intaneti Lachisanu,
koma foni yake ikangopitirira pa mpopi
timizere tonse timathothoka ngati mano a chipeso chakale.

Ndinagula rauta yachiwiri mu Malangalanga
kwa mnyamata wolumbira pali mayi ake
kuti ndi yatsopano, phula la kandulo lili pamsana pake.
Waya wabuluu, mamita makumi atatu,
ndinamudutsitsa pa zenera la kubafa,
m'mphepete mwa malata,
mpaka akazi anga anayanikapo chitenje.

Tinayatsa. Timagetsi tinaphethira,
tobiriwira, ngati tikudziwa chimene tikuchita.
Kenako zii.
Foni yanganso, yosalakwa, inangoti kakasi.

Ndinazimitsa, ndinayatsa. Ndinauzira m'kabowo
monga tinkachitira ndi makaseti.
Ndinabaya kabatani kobisika ndi phini.
Magetsi anathima cha m'ma seveni,
tinadikira mu mdima udzudzu ukutiwerenga.
Atayaka ndinatukwana kampani,
ndinatukwana mnyamata uja, ndi mayi ake omwe.

Anaona ndi Zaithwa, atakhala pa ndowa yovundikira,
laputopu pa maondo.
"Bambo aang'ono, onsewa ali ndi nambala imodzi.
Aliyense akuti mwini nyumba ndine,
aliyense akugawira alendo maadiresi,
ndiye foni ikugogoda pa khomo lolakwika."

Anasintha wani wakumapeto kukhala thuu.
Yachiwiriyo anaiuza: iwe usagawe kanthu,
uzingolandira n'kupatsira.
Anazula waya pa bowo lokhala palokha lija
n'kumulowetsa pamzere, pali anzake anayi.

Ndinakhala chete.
Ine ndi bambo ake tinatha zaka zisanu ndi chimodzi
pa poloti lomwe lino, nambala imodzi pa geti,
aliyense ndi kiyi wake, aliyense ndi mawu omaliza,
mpaka iwo anasamukira ku Biwi osatsanzika.
Ndinakawaonanso ali m'bokosi.
Panalibe wotiuza kuti pali bowo lina.

Pano timizere tadzaza mpaka ku khola la nkhuku.
Usiku ndimaona kuwala pa katani yake,
akuloweza mayina a mafupa a munthu,
nthawi zina mokweza, ngati akuitana ana.
Pasiwedi anaika yekha.
Nditamufunsa anandilembera pa bokosi la machesi:
dzina la bambo ake,
ndi chaka chimene ndinabadwa ine,
popanda mpata pakati.